Njerwa Imene Nangozo Anakana Kutula

Kankhirani chikunicho mkati, uvuni ungazilale njerwa zisanapse. Poti tikhala pompano kudikira moto, ndikuuzeni za mayi wina wosoka zovala, dzina lake Elube, amene anthu ankangomutchula ndi mfunda wake kuti Nangozo, ndi za nsanja ya njerwa imene inatsala pang'ono kumulanda mwamuna.

Nsanjayo ili pakati pa mzinda wina wa kummwera, pamene misewu imakumana. Inamangidwa kalekale, Mfumukazi Vikitoliya akadali pampando kwawo kutsidya kwa nyanja, mzindawo uli chabe timisasa ndi tchire. Ndi ya njerwa zofiira zokhazokha, yonka niwonda kumwamba, mawindo ake osongoka ngati manja a munthu wopemphera. Pamwamba pake pali wotchi imene inaima kale, moti palibe wamoyo amene anaionapo ikuyenda. Mukayandikira n'kuyang'anitsitsa, njerwa zambiri zili ndi tizidindo ta zala za anthu amene ankazinyamula zisanaume. Boma linaiika m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa. Munthu saloledwa kugumulapo, kupakapo penti, ngakhale kukhomapo msomali. Nyumba zoyandikana nayo zakhala zikugwetsedwa n'kumangidwa zagalasi, koma iyo ili chiimire, maminibasi akuizungulira tsiku lonse.

Dzinja lina kunagwa mvula yamkuntho, ngodya ya pamwamba inang'aluka, njerwa zina zinagwera pansi. Boma linatumiza katswiri wa nyumba zakale, Mayi Chirambo, kuti adzayang'anire ntchito yokonza. Mayiwo ananena kuti simenti isayandikire khoma limenelo, chifukwa imatsamwitsa njerwa zakale. Pankafunika mmisiri wodziwa kumanga ndi laimu ndi mchenga monga ankachitira akale. Atafunsafunsa, anthu anawalozera kwa a Yotamu Kandulu, mwamuna wa Nangozo.

A Kandulu anali atakula. Kwa nthawi ndithu manja awo anali atayamba kunjenjemera, moti akanyamula kapu ya tiyi, wina ankatayikira m'mbale. Kuchipatala anawauza kuti vutolo silidzatha, lizingopita patsogolo pang'onopang'ono. Iwo sankafuna kuti anthu adziwe. Akakhala pagulu ankapisa manja m'thumba. Mabatani a malaya ankawamanga ndi Nangozo m'mawa uliwonse, onse awiri akulankhula za zina ngati palibe chikuchitika.

"Bambo a Mwandida, ntchito ya pamwamba chotere, mudzaitha?" anafunsa Nangozo tsiku limene anaitanidwa. Mwandida anali mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa kutali.

"Ndiyo yomaliza, mayi," anayankha a Kandulu. "Ndikatsikako uko ndiye ndizidzangoweta nkhuku."

Khonde la sitolo limene Nangozo ankasokerapo linali tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi nsanjayo. Akatukula mutu pa makina ankaona zitsulo zokwererapo zitakuta khoma, ndi mwamuna wake pamwamba penipeni, wamng'ono ngati khwangwala, ali ndi mnzake wa pantchito, bambo wina wamtali dzina lake Alufeyo.

Masiku oyamba zonse zinali bwino. Kenaka inafika nyengo yozizira, chiperoni chinayamba kutsika m'mapiri. Mukuchidziwa chiperoni: nkhungu yoyera imene imabwera ndi kamvula kowaza, n'kukhala pamzinda osafuna kuchoka. Masiku oterowo nsanjayo inkaoneka theka lokha, kumwamba kwake kutamezedwa.

Choyamba kusowa chinali chipande chomangira cha a Kandulu. Anachitsuka madzulo, n'kuchiika m'chikwama, chikwamacho n'kubwera nacho kunyumba. M'mawa mwake munalibe. Atafika kuntchito anachipeza pamwamba pa khoma, chili ndi laimu wamuwisi.

"Mwayamba kuiwala basi," anatero Nangozo atamva.

"Mwina," anayankha a Kandulu, koma akumwetulira ngati munthu amene wamva nkhani yabwino.

Tsiku lina Alufeyo anabwera pakhonde paja kudzasoketsa thalauza. Anakhala pabenchi, kenaka anati, "Mayi, kodi abambo amabwerera kuntchito tikaweruka?"

"Ayi. Amagona kunyumba. Bwanji?"

"Dzulo khoma tinalisiya lili m'mawondo. Lero talipeza lili m'chiuno. Mizere yake yowongoka bwino, dzanja lake ndi la abambo lomwe. Koma geti limakhala lokhoma."

Nangozo anapitiriza kupalasa makina, koma ulusi unaduka kawiri.

Kuchokera pamenepo anayamba kuona tinthu tina. Malaya a mwamuna wake ankanunkha utsi wa nkhuni zaziwisi, utsi wa uvuni, chonsecho mumzindamo munalibe owotcha njerwa. Powasambitsa mapazi ankapeza matope ofiira pakati pa zala, ngakhale munthuyo ankavala nsapato ndipo ankayenda pa tala pokhapokha. Ndiponso anayamba kung'ung'udza kanyimbo kena, akamadya, akamameta, kanyimbo kozengereza ngati koyendera anthu osenza katundu:

Tula, tula, mnzanga,
khoma silikhuta.

"Nyimbo imeneyi mwaitenga kuti?"

"Iti?" anafunsa a Kandulu, ndipo zinaoneka kuti sankadziwadi kuti akuimba.

M'mawa wina wa nkhungu, Nangozo akuyala nsalu pakhonde, anamva kuti pali munthu kumbuyo kwake. Potembenuka anaona mayi ataima mumsewu, wopanda nsapato, atavala nsalu yakuda yofika m'chifuwa, mikanda yoyera m'khosi. Pamutu pake panali nkhata, koma sanasenze kanthu. Nkhope yake Nangozo sanathe kuigwira bwino. Ankati akaiyang'ana, maso ankangotsetsereka ngati phazi pamwala wandere.

"Amisiri adzuka?" anafunsa mayiyo ndi mawu ofatsa.

"Amisiri ake ati?"

"Athu aja. Auzeni kuti dothi lapsa."

Njinga yamoto inadutsa pakati pawo ikuliza hutala. Itapita, mumsewu munalibe munthu. Panangotsala fungo la dothi lonyowa.

Madzulo a tsikulo, atatha kudya, Nangozo anazimitsa wailesi n'kukhala moyang'anana ndi mwamuna wake.

"Ndiuzeni zimene mumaona kumwamba kuja."

A Kandulu anayang'ana manja awo amene ankanjenjemera pamawondo. Kenaka analankhula motsitsa, ngati munthu wofotokoza maloto amene sakufuna kuti amuthawe.

"Nkhungu ikafika, phokoso la galimoto limatha. Ukayang'ana pansi sumaona misewu ayi. Umaona mitengo ikuluikulu, mtsinje uli mbee, ndi mauvuni akufuka utsi m'mbali mwake. Ndiye kumabwera anthu, mayi. Mzere wautali, azimayi ndi njerwa pamutu, akukwera akuimba. Salankhula zambiri. Amangotula, ine n'kumayala. Palibe wokufulumizitsa. Njerwa iliyonse imakhala pamalo pake ngati inabadwira pomwepo."

"Ndi ndani anthuwo?"

"Ndi eni ake nsanja. Amene anaiumba ndi manja. Pamwala wa pakhomo paja analembapo maina a azungu okhaokha, koma amene anasenza ndi awa. Khoma lawo lagumuka, ndiye abwera."

"Simuchita mantha?"

A Kandulu anatukula manja awo n'kumuonetsa.

"Kumeneko awa sanjenjemera, mayi. Amakhala phee, ngati kale lija. Msana supweteka. Maso amaona mpaka kanyerere pachingwe. Ndimakhalanso munthu."

Akanakhala kuti mwamunayo akuopa, bwenzi zili zapafupi. Koma iye ankalankhula ngati mnyamata amene wapeza mbeta.

"Siyani ntchitoyi."

"Kwatsala pang'ono."

"Ikatha, iwowo adzapita okha?"

A Kandulu anadzuka n'kupita kukagona.

Kutacha Nangozo anawoloka msewu kukaonana ndi Mayi Chirambo. Ankaganiza kuti amuseka, koma mayiwo anamumvetsera mpaka kumapeto, kenaka anamutengera kuseri kumene kunali mulu wa njerwa zatsopano zimene anaumbitsa kuti zifanane ndi zakale.

"Taonani, mayi Kandulu," anatero. "Muluwu sukuchepa. Khoma likukwera, koma njerwa zanga zili pompano. Ndinakwera dzana kukaona. Zimene zikulowa m'khomamo ndi zofanana ndi zakale, dothi lake lomwelo, ndipo zili ndi zala. Ndinaikapo dzanja langa, zinali zofunda." Anapukuta chikhato pa siketi ngati kufundako kukadalipo. "Ine ndakonza nyumba zakale zambiri, koma izi sindikuzimvetsa, ndipo tulo sindikupeza. Ndiimitsa ntchito mpaka chiperoni chithe. Makiyi a geti ndisunga ndekha. Abambo apume kunyumba."

A Kandulu atauzidwa sanatsutse. Anakhala kunyumba, akudyetsa nkhuku, akuwothera dzuwa likatuluka. Koma nkhungu ikayamba kutsika ankaimirira pakhomo, mutu utapendekeka ngati akumva munthu akuwaitana kutali. Chakudya ankangochitola pang'ono. Nangozo naye anasiya kupita kukhonde kuti aziwayang'anira.

Ndiye kunabwera m'mawa umene chiperoni chinachita kunyanya. Nangozo anadzidzimuka kutangoyamba kuyera, napeza mbali ya bedi ya mwamuna wake ili yozizira. Nsapato za mwamuna wake zinali pansi pa mpando. Chitseko chinali chotsegula, nkhungu italowa mpaka pabalaza, ikuyandama pamwamba pa tebulo.

Sanadzutse oyandikana nawo. Anamanga chitenje, n'kuvala juzi, n'kuyamba kutsetsereka kulowera mumzinda. Minibasi sanaione ngakhale imodzi. Ankamva agalu akuuwa kwinakwake, kenaka nawonso anasiya. Magetsi a mumsewu ankaoneka ngati mazira oyandama m'mwamba, ndipo atayenda kanthawi anazindikira kuti sakuwaonanso. Pansi panayamba kufewa. Atayang'ana anaona kuti sakupondanso tala, koma kanjira ka dothi lofiira, koterera, kodzaza ndi mapazi a anthu opanda nsapato, onse olowera kumodzi.

Kunkanunkha utsi. Kumanzere kwake kunkamveka madzi akuyenda pamiyala, ndi kaphokoso kena, tapwa, tapwa, ka anthu oponda matope. Mitengo inali itaima m'nkhungumo, italiitali, nthambi zake zosaoneka. Chodabwitsa n'chakuti mantha amene anachoka nawo kunyumba ankacheperachepera. Bondo lake lamanzere, limene linkamuvutitsa chifukwa chopalasa makina, linasiya kupweteka. Mpweya unali wokoma ngati wa kumudzi ali kamtsikana.

Kenaka anaimva nyimbo ija, ikuchokera kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anthu anayamba kumudutsa mmodzimmodzi, azimayi a nsalu zakuda, njerwa zitasanjikizana pamutu, ena ana kumbuyo. Sankamuyang'ana. Mapewa awo ankamukhudza mopepuka ngati masamba a chimanga.

Patsinde pa nsanja panalibe geti, panalibe zitsulo zokwererapo. Panali khomo lotsegula, ndipo pambali pake panaima mayi uja wa mikanda yoyera.

"Mwabwera," anatero mayiyo.

"Ndabwera kudzatenga amuna anga."

"Kumwamba sakwera chimanjamanja."

Anavula nkhata yake n'kuiika pamutu pa Nangozo, kenaka anasanjikapo njerwa imodzi. Inali yofunda ngati buledi wongochoka kumene pamoto.

"Imeneyi ndi yotsekera," anatero mayiyo. "Mukakatula, khoma latha, tonse tikapume."

"Tonse ndani?"

Mayiyo anangomwetulira, kapena Nangozo anaganiza kuti wamwetulira, n'kumulozera masitepe.

Masitepe a m'nsanjamo ndi ozungulira, opanikiza, oti anthu awiri sangapatukirane. Nangozo anakwera ali pakati pa mzere, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Kuwala kunkalowera m'timawindo tosongoka tija, kotuwa, kofewa. Mapazi ake anagwira okha mayendedwe a nyimbo. Posakhalitsa anamva mawu ena okoma akuimba nawo pafupi, ndipo anazindikira kuti ndi ake. Kunali kwabwino kukwera choncho, popanda chopweteka, popanda choganiza. Anayesa kukumbukira chimene wadzera, koma chinkamuthawa ngati nsomba m'madzi. Anayesa kukumbukira nkhope ya Mwandida, anangoona nkhungu. Pamenepo anadziluma lilime mwamphamvu mpaka kumva magazi, nasiya kuimba.

Anatulukira pamwamba. Kumeneko kunalibe kumwamba kapena pansi, kuyera kokhakokha mbali zonse, ndi khoma lofiira likuyandama pakati pake. A Kandulu anali atagwada pangodya, chipande m'manja. Msana wawo unali wowongoka. Manja awo ankayenda mwaulemu, kutapa laimu, kuyala, kukhazika njerwa, kugogoda pang'ono, kupala. Nangozo anaima n'kumawayang'ana. Umu ndi mmene anawaonera koyamba, akumanga sitolo kwawo, iye akuchokera kuchitsime. Anali ataiwala kuti munthuyu ankagwira ntchito mokongola chotere.

Mayi amene anali patsogolo pake anatula njerwa zake n'kuzimirira m'nkhungu. M'khomamo munatsala kabowo kamodzi.

A Kandulu anatambasula dzanja osatembenuka.

"Tulani, mayi."

Nangozo anatsitsa njerwayo pamutu, koma anaikumbatira pachifuwa.

"Sinditula."

Anatembenuka n'kumuyang'ana. Nkhope yawo inali yosalala, yamtendere, maso oyera bwino. Munalibe mkwiyo m'masomo, ndipo munalibenso Nangozo.

"Mwatopa? Tulani, mupume."

"Munditchule dzina kaye."

A Kandulu anakwinya pachipumi pang'ono, mwaulemu, ngati munthu amene wafunsidwa njira ya kumudzi kumene sanafikeko.

"Pepani, mayi. Anthu ndi ambiri."

Nyimbo inali italeka. Kumbuyo kwake, m'masitepe monse mpaka pansi, Nangozo ankamva kuti mwadzaza anthu, ataima duu, akudikira. Palibe anamukankha. Palibe anamukalipira. Kunkangofika kampweya kozizira pakhosi pake, kupuma kwa anthu ambiri oleza mtima. Njerwa ija inayamba kulemera, manja ake akufuna okha kuitula.

"Ndine mayi a Mwandida," anatero. "Tinakwatirana chaka cha dzombe lija kumudzi. Munandimangira nyumba ya mawindo obiriwira."

"Zikomo," anayankha a Kandulu mokoma mtima. "Tulani tsono."

Misozi inalengeza m'maso mwa Nangozo. Anaganiza zowauza kuti amawakonda, koma mawu oterowo sanazolowerane nawo, ndipo m'malo amenewo akanangomveka ngati nyimbo ina. M'malo mwake, mwina chifukwa cha kutopa, mwina chifukwa cha mantha, mkwiyo unamukwera, uja wa kunyumba, wa tsiku ndi tsiku. Panali mkangano wina umene awiriwa sanaumalizepo chikwatiranireni.

"Inu a Kandulu," anatero ndi mawu ake a kukhitchini, "mwachoka m'mawa uno osatseka chitseko. Nkhungu yadzaza nyumba yonse, mipando yanyowa. Ndi khalidwe lanu lomweli. Khola la nkhuku lija munasiyanso pululu, vumbwe n'kutha anapiye onse, mpaka lero simunavomere."

Chipande chinaima m'malere.

"Khola ndinatseka."

"Simunatseke."

"Ndinatseka ndi waya. Ndi inu munakatsegula pofuna mazira."

"Bodza. Mazira usiku?"

"Iwe Elube, ndinatseka ine, kangati ndikuuze?"

Atangotero, anakhala ngati munthu amene wathiridwa madzi. Makwinya anabwerera pankhope pawo mmodzimmodzi. Mapewa anagwa. Dzanja lamanja linayamba kugwedezeka, kenaka lamanzere, ndipo chipande chinapulumuka n'kugwera kunja kwa khoma. Onse awiri anamvetsera, koma sichinamveke kufika pansi.

"Nangozo," ananong'ona. "Kukuzizira."

"Tiyeni kunyumba."

A Kandulu anayang'ana manja awo, kenaka kabowo kaja, kenaka njerwa imene inali pachifuwa pa mkazi wawo.

"Yatsala imodzi yokha. Ukudziwa chimene ukundibwezera? Kumwetsedwa tiyi ngati mwana?"

"Ndikudziwa. Ndidzakumwetsani ine."

"Zidzaipiraipira."

"Zidzaipire kwathu, ndikuona."

A Kandulu anakhala chogwada nthawi yaitali. Kenaka anagwira mkono wa Nangozo n'kudzuka movutikira, mawondo akulira.

Pakhomo la masitepe panali mayi wa mikanda uja. Mmene anafikira pamwambapo, Nangozo sanadziwe.

"Njerwayo ndi yathu," anatero mofatsa.

"Ndikudziwa, mayi. Khoma lanu ndi lokongola, ndipo munavutika nalo. Koma munthuyu ndi wanga. Sindinathane naye."

Mayiyo anawayang'ana onse awiri, kenaka anapatuka pang'ono.

"Ife sitifulumira," anatero.

Anatsika, Nangozo patsogolo, dzanja limodzi litagwira njerwa, lina litagwira mwamuna. M'masitepe opanikiza aja anthu ankawapatukira mwanjira imene sanaimvetse, ngati kudutsa pakati pa nsalu zonyowa zoyanikidwa pachingwe. Bondo lake linayambanso kupweteka, sitepe iliyonse kuposa inzake, ndipo iye analandira ululuwo ngati mlendo wochokera kwawo. Chapansi anayamba kumva hutala, kenaka mawu a kondakitala akuitanira anthu.

Anatulukira m'kati mwa mpanda, geti lili lokhoma ndi loko. Dzuwa linali litapendeka, nkhungu itatheratu, mzinda uli piringupiringu. Kunja kwa geti kunali Alufeyo ndi Mayi Chirambo ndi anthu ena a kumpingo, amene anakhala akuwafunafuna tsiku lonse kuchipatala ndi kupolisi. Mayi Chirambo anatsegula loko. Anaona njerwa ija, naona tizala tinayi tooneka bwino m'mbali mwake, natsegula pakamwa kuti alankhule.

"Iyi ndikupita nayo," anatero Nangozo.

Malamulo a malo otetezedwa salola munthu kuchotsapo ngakhale kachidutswa. Mayi Chirambo anayang'ana mapazi a a Kandulu, ofiira ndi matope mpaka m'akakolo.

"Sindinaione," anatero, n'kuvula juzi yawo kuwafunditsa bambowo.

Nyengo yotentha itafika, ntchito inayambiranso. Alufeyo anakwera n'kutseka kabowo kaja ndi njerwa yatsopano. Inakhala bwinobwino mpaka tsiku limene kunagwa nkhungu, ndipo m'mawa mwake anaipeza pansi, pakhomo la nsanja, itaikidwa mosamala, laimu atapalidwa. Anayesanso, zinachitikanso chimodzimodzi. Pamapeto pake Mayi Chirambo anati pasiyidwe choncho. Zitsulo zinachotsedwa, akuluakulu anabwera kudzaona, anayamikira kuti sungasiyanitse pakale ndi patsopano. Kabowoko kuchokera pansi sikaoneka, pokhapokha ukudziwa poyang'ana.

A Kandulu sanagwirenso chipande. Manja anapitirira kunjenjemera monga ananenera achipatala, mpaka supuni inayamba kuwakanika. Masiku ena ankakhala okhumudwa, osalankhula, ndipo tsiku lina anamuuza mkazi wawo maso ndi maso kuti akanangowasiya kumwamba kuja. Nangozo anangopitiriza kuwadula zikhadabo. Koma analiponso masiku ena. Mwandida anabwera ndi mwana wakhanda, anamuika pamiyendo pa agogo ake, ndipo kugwedezeka kwa manja aja kunamugonetsa mwanayo msanga kuposa wina aliyense m'nyumbamo. A Kandulu anaseka mpaka kutsokomola.

Kumene Nangozo anabisa njerwa ija palibe akudziwa, ngakhale mwamuna wake. Anasamutsa makina ake kuchoka pakhonde lija n'kumasokera kunyumba.

Chaka chotsatira chiperoni chitabweranso, m'mawa wina Nangozo ali kukhitchini anamva mapazi opanda nsapato pabwalo, ambiri, akuyenda mofewa n'kuima. A Kandulu anali pampando pabalaza, atafunda bulangete. Anatukula mutu.

"Odi," anatero mawu ofatsa kunja kwa chitseko. "Tadzera katundu wathu uja."

Nangozo anapukuta manja, napita pachitseko, koma sanatsegule.

"Pepani, mwayenda ulendo wautali," anatero. "Chaka chino ayi."

Kenaka mapazi aja anayamba kubwerera, mmodzimmodzi, osafulumira.

Anathira tiyi m'kapu, nakoka mpando kukhala pafupi ndi mwamuna wake. Anauzira pang'ono, n'kufikitsa kapuyo pamilomo pawo.

"Shuga wachepa," anatero a Kandulu atamwa.

"Achipatala anakana."

"Achipatala sali pano."

Nangozo anawayang'ana, napukusa mutu, nadzuka kukatenga shuga.